Ana athu anawayesa kale pa nkhani ya Chizungu, koma makolo sanauzidwe

Mwezi watha ndinapita kumudzi ku maliro a malume, ndiye pobwerera ndinagona kwa achemwali anga amene amaphunzitsa Sitandade 2 pa sukulu ina ya pulayimale cha kumapiri a Dedza uko. Minibasi yomwe ndimadalira inali ya masana, ndiye ndinati m'malo mongokhala ndekha pakhonde bola ndiwatsatire ku kalasi, ahedi anavomera ndipo anandipatsa kabenchi kumbuyo. Ana anakhala pansi pa simenti, odzaza mpaka pakhomo, achemwali akuti m'kaundula alipo oposa 100 koma tsikulo linali la msika ndiye ena sanabwere. Kunkazizira, Dedza mukuidziwa inu, ana ambiri anali atabisa manja m'kati mwa yunifomu.

Phunziro linali masamu, kuchotsera. Achemwali analemba 8 ndi 3 pa bolodi n'kuyamba m'Chizungu, "Eight take away three is?" Kalasi zii. Kenako kamnyamata kena kutsogolo kanati "five", basi kalasi yonse "faaaaiv!" Iwo, "Do you understand?" Ana, "Yeees madam!" Pafupi ndi ine panali kamtsikana kokhala ndi pensulo yaifupi ngati chala, kanali katakopera manambala aja bwinobwino m'kope koma yankho osalemba, ndipo pa "yes madam" paja kanakuwa kuposa onse.

Ndiye achemwali anaika choko pansi. "Tamverani kuno. Amayi akupatsani mandasi 8 kuti mukagulitse pamsika, mwagulitsa atatu, m'beseni mwatsala angati?" Abale, mukanaona manja! "Ine madamu! Ine madamu!" ena mpaka kudzuka. Kamtsikana kaja kanatulutsa manja mu yunifomu, kuwerenga zala mofulumira, n'kunena "asanu" osadikiranso kulozedwa, wina kumbali n'kuwonjezera kuti amayi afunanso ndalama ya atatu aja. Mwana uja kuchotsera amakudziwa, mwina amachita tsiku lililonse pamsika, chimene chinamutsekera pakamwa ndi mawu awiri okha, take away.

Pa bureki ndinawafunsa, "Achemwali, nanga bwanji osangoyamba ndi Chichewacho?" Anandiyang'ana kaye ndiye akuti, "Achimwene, lamulo likuti Chizungu. Ndimayamba nacho kuti ndikhale kumbali ya lamulo, ndikatero ndiye ndimaphunzitsa." Mawu amenewo andivutitsa mpaka lero.

Lamulo akunenalo ndi la zamaphunziro la 2013, lomwe linati chiyankhulo chophunzitsira m'sukulu chikhale Chingerezi, ndipo mu 2014 unduna unalengeza kuti ziyamba kuyambira Sitandade 1, kupatula phunziro la Chichewa lenilenilo. Kale sizinali choncho. Kuchokera pa msonkhano wa MCP wa 1968, pomwe Chinyanja chinasinthidwa dzina kukhala Chichewa n'kukhala chiyankhulo cha dziko, ana ankaphunzira m'Chichewa Sitandade 1 mpaka 4, Chizungu chili ngati phunziro, kenako Sitandade 5 zonse kutembenuka. Mu 1996 unduna unatulutsa kalata yoti m'makalasi anayi oyambawo ana aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo, kaya Chitumbuka, Chiyao, Chisena, koma mabuku ake sanabwere ndiye zinangothera papepala. Ndipo kumbukirani kuti iyi ndi nthawi imene sukulu yaulere inali itangoyamba mu 1994, ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni chaka chimodzi, boma n'kulemba aphunzitsi masauzande osadutsa ku koleji, makalasi pansi pa mitengo, ndiye za ziyankhulo anali nazo nthawi ndani.

Nditabwerera ku tauni ndinayamba kusaka pa intaneti, ndimafuna ndidziwe ngati pali amene anafufuzapo zimenezi kapena tonse timangoyankhula za m'mutu. Zimene ndinapeza zinandipweteka mtima, chifukwa kafukufuku wake alipo, ndi wakalekale, ndipo anachitikira pa ana athu omwewa.

M'zaka za m'ma 1990 katswiri wina wa ku Britain, Eddie Williams, anayesa ana a pulayimale ku Malawi ndi ku Zambia pa kuwerenga, lipoti lake lalikulu linatuluka mu 1998. Maiko awiriwa anali abwino kuwayerekeza chifukwa ndife apachibale, umphawi wofanana, makalasi odzaza mofanana, ndipo ku Lusaka ndi kuchigawo cha kum'mawa kwa Zambia amayankhula Chinyanja chomwechi. Kusiyana kwake kunali kumodzi. Zambia kuyambira cha m'ma 1966 inasankha kuti mwana aziphunzira zonse m'Chizungu kuchokera Giredi 1, pomwe ife tinali pa Chichewa mpaka Sitandade 4. Mayeso ake anali a nkhani zokhala ndi mipata yoti mwana aikemo liwu loyenera, ina m'Chizungu, ina m'chiyankhulo cha kumudzi. Munthu aliyense akanaganiza kuti pa Chizungu ana a ku Zambia atisiya kutali, si anali atasamba m'Chizungu zaka zinayi zathunthu? Ayi ndithu. Pofika chaka chachisanu panalibe kusiyana kwenikweni pa kuwerenga Chizungu, onse anali ofooka, ambiri osafika poti angaphunzire maphunziro ena kudzera m'Chizungucho. Koma pa chiyankhulo chawo ana a ku Malawi ankawerenga Chichewa bwino kwambiri kuposa m'mene anzawo a ku Zambia ankawerengera Chinyanja. Ndiye kuti mwana wa ku Zambia analuza kuwerenga chiyankhulo chake koma Chizungu chowonjezera osachipeza, wathu anatuluka ndi chimodzi m'manja, choti atha kuwerenga kalata, chikwangwani cha kuchipatala, Baibulo, uthenga wa alangizi.

Tsono chimene chinandiimitsa mutu ndi ichi. Anzathu a ku Zambia anamva. Anayamba ndi pulogalamu yophunzitsa kuwerenga m'ziyankhulo zawo kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, kenako mu 2014 anayamba kuphunzitsa Giredi 1 mpaka 4 m'ziyankhulo za m'madera, Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chikaonde, Chilunda ndi Chiluvale. Chaka chomwecho cha 2014 ife tikulengeza zolowa m'njira imene iwo anayendamo zaka pafupifupi 50 n'kuona kuti siikuwafikitsa. Tinaphonyana pa Mchinji, iwo akubwera kumene tinali, ife tikupita kumene akuchoka.

Ndipo si kuno kokha. Ku Nigeria, pulofesa Babs Fafunwa ndi anzake a pa yunivesite ya Ife anayamba mu 1970 kuyesa kuphunzitsa ana zaka 6 zonse za pulayimale m'Chiyoruba, masamu, sayansi, zonse, Chizungu chikuphunzitsidwa ngati phunziro palokha ndi aphunzitsi ochidziwa bwino. Anachita kukhala pansi kupanga mawu a sayansi m'Chiyoruba ndi kulemba mabuku, sikuti zinangogwa kumwamba. Anawo sanatsalire pa Chizungu, ndipo pa maphunziro ena anachita bwino kuposa anzawo amene anasinthira ku Chizungu msanga. UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro, nayo inanena kale mu 1953 kuti mwana ayambe sukulu m'chiyankhulo chake. Ngakhale "yes madam" uja ali ndi dzina m'mabuku a ochita kafukufuku, Keith Chick wa ku South Africa anamutcha safe talk, kuyankhula kodziteteza, pomwe mphunzitsi amafunsa zoti ana angoyankha pamodzi ngati kwaya, mphunzitsi asachite manyazi ndi Chizungu chake, ana asachite manyazi ndi kusamva kwawo, belu n'kulira aliyense ali bwinobwino koma palibe chalowa. Nditawerenga zimenezo ndinaona kamtsikana kaja m'maso mwanga.

Makolo sindikuwaimba mlandu ayi, chifukwa inenso ndine mmodzi wa iwo. Tonse tikudziwa kuti pa MSCE ukalephera Chingerezi satifiketi palibe, olo utakhoza masamu ndi fizikisi bwanji. Mayeso a Sitandade 8 ndi a Chizungu kupatula pepala la Chichewa. Intavyu ya ntchito Chizungu, fomu ya ku banki Chizungu, ku Nyumba ya Malamulo Chizungu. Ndiye mayi wogulitsa tomato akamva mwana wa abwana wa zaka zinayi akuti "mummy I want juice" iye amaona chitseko chimene wake watsekeredwa kunja, ndipo akapeza kandalama amathamangira ku kasukulu ka pulaiveti kolemba pa geti kuti English speaking only. Akufunira mwana wake zabwino, palibe cholakwika pamenepo. Chimene sanauzidwe n'choti mwana wa abwana uja Chizungu sanachitole m'kalasi mokha, ali nacho kunyumba, pa TV, m'mabuku a nthano, kwa azakhali obwera kuchokera ku Joni, pomwe wa ku Dedza uja amachimva kwa munthu mmodzi yekha basi, amene akugawana ndi ana ena 100, ndipo akaweruka sachimvanso mpaka mawa. Kuphunzira Chizungu ndi kuphunzira m'Chizungu ndi zinthu ziwiri zosiyana, koma pa wailesi ndi m'misonkhano ya makolo timazisakaniza ngati chinthu chimodzi.

Ineyo ndinakulira pa sukulu imene ukayankhula Chichewa ankakuveka chigoba cha nkhono pakhosi, chomangidwa pa chingwe chakuda ndi thukuta la anthu ambiri, ndipo umayenda nacho uku ukutchera khutu kuti umve mnzako akalakwitsa umupatsire, amene chamuwerukira ndiye wokalima kumunda wa sukulu. Chimene ndinaphunzira pamenepo si Chizungu, ndinaphunzira kukhala chete. Pa bureki timakhala ngati tili pa maliro, mnzako weniweni umamuopa. Panali mnzanga wina amene kumudzi anali katswiri wa nthano ndi ndagi, akayamba kufotokoza anthu kusiya zochita, koma m'kalasi aphunzitsi ankamutenga ngati mbuli chifukwa sankatsegula pakamwa, anasiyira Sitandade 6. Chizungu changa chinabwera mochedwa, ku sekondale, nditapeza laibulale, ndipo chinabwera msanga chifukwa kuwerenga ndinali nditakudziwa kale m'Chichewa, agogo ankandituma kuwawerengera nyimbo za m'buku la kutchalitchi ndi makalata a malume omwe tawaika mwezi watha aja, nthawi imeneyo ali ku migodi. Munthu umaphunzira kuwerenga kamodzi kokha, ukadziwa kuti zilembo zimanyamula mawu ndipo mawu amanyamula nkhani, luso limenelo umasamuka nalo kupita ku chiyankhulo china.

Pali chinthu china chimene ife a Chichewa timakonda kuchilumpha, ndipo sindifuna ndichilumphe. Tikamati chiyankhulo cha mwana si Chichewa kwa aliyense. Mwana wa ku Chitipa, wa ku Rumphi, wa ku Nsanje, wa m'midzi ya ku Mangochi, akalowa Sitandade 1 n'kupeza Chichewa nayenso akhoza kukuwa "inde madamu" asanamve kanthu. Mu 1968 Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu, ndipo bala limenelo kumpoto silinapole, ena amene anasangalala ndi lamulo la Chizungu anasangalala chifukwa choti bola tonse tivutike mofanana kusiyana n'kuti ena apatsidwe mwayi. Ndimawamvetsa. Williams yemwe uja anaonanso kuti Chinyanja cha m'mabuku ku Zambia chinali chosiyana ndi chimene ana a mu Lusaka amayankhula m'misewu, ndiye nkhani si kungosankha dzina la chiyankhulo pa pepala, ndi kufunsa kuti mwana uyu, wakhala pansi apayu, akumva chiyani. Kalata ya 1996 ija inali italoza kolondola, chinasowa ndi ndalama ya mabuku ndi kuphunzitsa aphunzitsi, komanso mtima wofuna kuti zitheke.

Chimene chimandiwawa kwenikweni n'choti kafukufuku yenseyu ali m'Chizungu chovuta, m'malipoti okhala m'mashelefu a ku yunivesite ndi m'maofesi a mabungwe, pomwe ana amene anayesedwa aja pano ndi makolo, ena ali m'makomiti a sukulu, ndipo palibe anabwerera kukawauza kuti tinapeza zakuti. Pulogalamu ya boma yophunzitsa kuwerenga imene inayamba mu 2016 inabweretsa mabuku a Chichewa ndi a Chingerezi m'makalasi oyamba, achemwali akuti inathandiza ndithu, ana akugwira maliwu ndi maphatikizo msanga kusiyana ndi kale, koma kholo likabwera kusukulu funso lake limakhala limodzi, mwana wanga bwanji sakuyankhula Chizungu.

Ndinawatumizira achemwali zonsezi pa WhatsApp, ndinachita kuwafotokozera pa voisi noti chifukwa bandulo yotsegulira lipoti lonse analibe. Anayankha usiku, atamaliza kuchonga makope. Akuti pa msonkhano wa makolo wa temu ino apempha ahedi awapatse mphindi khumi, ndipo akufuna ndiwalembere nkhani ya Zambia ija m'Chichewa chosavuta pa pepala limodzi, aziwerenga okha pamaso pa makolo ndi amfumu. Ndayamba kulemba dzulo. Anandiuzanso kuti kamtsikana ka pensulo yaifupi kaja sabata ino sikanabwere, amayi ake akudwala ndiye kakugulitsa mandasi pamsika.