Ulendo wa ku Khondowe, kumene abusa anadikira kolala

Alamu anga akuphunzira zaubusa ku Ekwendeni, ndipo pa tchuthi chawo anandiitana kuti tikaone Livingstonia, mishoni yakale ya pa phiri la Khondowe. Ine wokulira mu Sinodi ya Nkhoma, dzina limeneli ndinkangolimva m'kalasi ya mbiri ndi pa maliro a anthu akumpoto. Ndiye sindinawiringule.

Za basi ya ku Mzuzu sindinena zambiri. Kasungu, Jenda, kuzizira kwa pa Chikangawa, basi. Ulendo weniweni unayamba titakwera minibasi pa Ekwendeni, n'kudutsa Phwezi, kenako kutsetsereka Chiweta. Pamenepo nyanja imangotulukira mwadzidzidzi kumunsi, ndipo amayi amene ankalongolola za mtengo wa feteleza anayamba akhala kaye chete. Tinatsikira pa Chitimba. Kuchokera apo mpaka pamwamba ndi makilomita pafupifupi 15, koma makona ake ngokwana 20 kapena kuyandikira pamenepo, ndipo aliyense ali ndi nambala yake. Tinakwera kumbuyo kwa galimoto ya matola pamodzi ndi matumba a simenti ndi dengu la usipa. Pa makona ena dalaivala ankachita kubwerera m'mbuyo kaye kuti akhote bwino, mnyamata wake atatsika ndi mwala m'manja woti aike kunsi kwa tayala.

"Alamu, mukuopa?" anandifunsa akuseka.

"Ayi alamu, ndikungopemphera. Si ntchito yanu imeneyi?"

Ukafika pamwamba umamvetsa chimene Robert Laws, mtsogoleri wa mishoniyi wochokera ku Scotland, anakonderapo. Mphepo yake njozizira, udzudzu ngochepa. Amishoni a Free Church of Scotland anafika koyamba ku Cape Maclear mu 1875 pa sitima ya Ilala. Malungo anawasautsa kwambiri kumeneko, moti pochoka anasiyako manda a anzawo asanu, wobatizidwa ali mmodzi yekha, Albert Namalambe. Anasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo nako imfa inawatsatira. Mu 1894 Laws anakwera phiri la Khondowe n'kukhazika sukulu yaikulu ya Overtoun, imene inkaphunzitsa uphunzitsi, ukalipentala, zomangamanga, zachipatala, kutumiza matelegalamu, ndi zaumulungu. Madzi a m'mipope ndi magetsi zinafika kuno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, matauni ambiri a dziko lino akuunikirabe nyale.

Tinalowa m'tchalitchi chachikulu cha njerwa zofiira. Pa zenera la magalasi amitundumitundu pali chithunzi cha David Livingstone, nyanja ili kumbuyo kwake. Ndinakhala pa benchi kwa kanthawi. Kenako tinapita ku Stone House, nyumba ya miyala imene ankakhala Laws, yomwe tsopano mbali ina amasungiramo zinthu zakale. Muli zithunzi, makalata, zida zachipatala zochita dzimbiri. Panja pa kapinga pali miyala yolembedwa vesi ya Aefeso 2:14. Nkhani yake ndi ya mu 1959, nthawi ya chipwirikiti cha chitaganya: boma la atsamunda linatumiza ndege kudzafunsa ngati azungu a pa mishoni akufuna kuthawitsidwa, ndipo iwo pamodzi ndi anzawo akuda anayankha pondandalika miyala imeneyi, vesi yonena za Khristu wogumula khoma lolekanitsa anthu. Nkhani yokoma, ndipo aliyense wofika kuno amauzidwa.

Koma ine chimene chinandigwira mtima ndi china, ndipo alamu ndiwo anachiyambitsa titaima pa zithunzi za ophunzira akale atavala majekete, nkhope zili gwa.

"Werengani zaka, alamu. Anafika 1875. Mbusa woyamba wakuda anamudzoza liti?"

Yankho ndi 1914. Chaka chimenecho ndi pamene Yesaya Zerenji Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa anadzozedwa. Zaka 39 chiyambire mishoni. Ku Blantyre anafulumirako pang'ono, poti Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha anadzozedwa mu 1911, koma nayo mishoni imeneyo inayamba kale mu 1876. Sikuti panalibe anthu okonzeka. Charles Domingo anakulira m'manja mwa Laws mwini wake, anamaliza maphunziro a zaumulungu, anapatsidwa chilolezo cholalikira, koma kudzozedwa kunali kwa mawa, mawa. Anatopa n'kuchoka. Mwasi naye, ngakhale anadzozedwa n'kufika pokhala mtsogoleri wa presibitale (bwalo loyang'anira mipingo ya dera limodzi), anapatuka mu 1933 n'kuyambitsa mpingo wake chifukwa cha kusamvana ndi amishoni pa za ulamuliro.

Amishoni ankati akuyesa kaye khalidwe, ubusa si chinthu chothamangira. Mfundo yake ilipo, sindikana. Chondivuta n'chakuti anthu omwewa, amene ankati sanakhwime kuti anyeme mkate wa Mgonero, ndiwo ankatumidwa wapansi kukatsegula sukulu m'midzi yakutali kumene mzungu ankafikako mwa apo ndi apo. William Koyi, Mxhosa wochokera ku Lovedale ku South Africa, ndiye anatsegula khomo kwa Angoni a M'mbelwa chifukwa ankamva chilankhulo chawo, ndipo anamwalirira konko ku Njuyu mu 1886. David Kaunda, bambo ake a Kenneth Kaunda, anachoka kuno kukayambitsa ntchito kwa Abemba ku Chinsali. Katundu wolemera anasenza ndi aphunzitsi ndi alaliki akuda. Kolala ya ubusa yokha ndiyo inkachedwa.

Sindikunyoza Laws. Munthu amene anakhala m'dziko muno zaka zoposa 50, n'kuika m'manda anzake ambiri, sangakhale wamasewera. Chipatala cha David Gordon chikuthandizabe anthu mpaka lero, ndipo yunivesite imene Sinodi ya Livingstonia inatsegula mu 2003 yaima pa maziko ake. Koma kuphunzitsa munthu n'kosavuta kusiyana ndi kumupatsa makiyi, ndipo pa phiri ili zimenezi zimaoneka poyera.

Lamulungu sitinapemphere m'tchalitchi chachikulu chija. Alamu anapemphedwa kukalalikira ku kanyumba ka mapemphero kumunsi, kupitirira mathithi a Manchewe. Tinayenda wapansi m'kanjira ka m'minda ya chinangwa ndi nthochi. Kachalichiko n'kanjerwa zosawotcha, mabenchi ake ndi adothi, belu lake ndi limu ya galimoto yopachikidwa pa mtengo wa mango. Amayi a Umanyano, gulu la amayi a mumpingo, anali atavala zoyera ndi zakuda, ndipo nyimbo za Chitumbuka anaziimba mopanda buku, mawu anayi onse ali m'malo mwake. Ine Chitumbuka changa n'cha "monire" ndi "yewo", koma nyimbo zina ndinazizindikira ndi kamvekedwe.

Mapemphero atatha tinakhala pansi pa mango uja ndi mkulu wa mpingo, bambo wachikulire amene anagwirapo ntchito ku Lilongwe, choncho Chichewa chake chinali chosalala. Baibulo lake linali lomatidwa ndi selotepi, m'mphepete mwa masamba modzaza zolemba za pensulo. Ndinawafunsa kuti abusa amabwera kangati.

"Bambo, abusa ndi amodzi, nyumba za mapemphero n'zambiri. Amabwera pa Mgonero, pa ubatizo, pa ukwati. Zina zonsezi ndi ife. Maliro ndi ife, kalasi ndi ife, banja likayambana usiku amagogoda kwa ine."

"Nanga munaphunzira kuti?"

Anaseka, n'kukweza Baibulo lija.

Izi si za kumpoto kokha. Kwathu ku Dowa n'chimodzimodzi, ndipo amene anayendako ku Zambia kapena ku Mozambique amasimba zomwezo. Sukulu zaubusa zilipo: ya ku Zomba imene inatsegulidwa mu 1977, Josophat Mwale ku Nkhoma, Ekwendeni, Kachebere kwa Akatolika, Justo Mwale ku Lusaka. Zimatulutsa anthu odziwa Chigiriki ndi mbiri ya mpingo, ndipo tikuwafuna. Koma ulaliki umene Mkhristu wakumudzi amamva masabata ambiri pa chaka umachokera kwa munthu ngati mkulu uyu, amene sangasiye munda ndi banja kukakhala m'kalasi zaka zinayi. N'chifukwa chake ndimalemekeza maphunziro a zaumulungu ngati a TEEM (Theological Education by Extension in Malawi), amene amatumiza mabuku kwa munthu ali kwawo n'kumakumana m'timagulu, komanso malo ngati Namoni Katengeza ku Chongoni ophunzitsa akhristu wamba. Alendo akunja obwera ndi misonkhano ya abusa ya sabata imodzi, satifiketi ili kale m'chikwama, ndimawalandira ndithu, koma ndimafuna kudziwa kuti akakwera ndege atsala ndani wopitiriza, ndipo mabukuwo ali m'chilankhulo chanji.

Alamu anamvetsera zonsezi osalankhula. Pobwerera, tikupuma pa chitunda, anati chaka chamawa akawatumiza ku mpingo akufuna kuyamba ndi akulu a mpingo, Loweruka lililonse, buku limodzi la m'Baibulo mpaka alimalize. Ndinawafunsa za mayendedwe, poti nyumba za mapemphero zimatalikirana.

"Njinga yamoto, alamu. Mwayamba kale kusonkha inu, kungoti simunadziwe."

Potsika tinadzera msewu wa ku Rumphi. Ngotalikirapo, koma mawondo anga anakana kubwereza makona aja.