Zikomo aphunzitsi, mwana wathu wabwerera mwakale

Abale anga lero ndati ndithokoze pagulu, zinthu zina kungonenera kumbali sizikwana. Mwana wathu wamkazi wamaliza chaka cha sukulu, mayeso walemba onse ndipo wakhoza, koma chimene chikundisangalatsa kwambiri nchoti akuseka, akudya, akugona tulo. Iye mwini wandilola kulemba izi bola osatchula dzina.

Chaka chikuyamba zinthu sizinali bwino. Mmawa uliwonse mutu, mawa lake mmimba, mwana wolongolola uja anangoti zii, akabwera kusukulu kuchipinda basi, foni ikalira nkhope kugweratu. Kuchipatala anamuyeza sanapeze matenda. Nde aphunzitsi ake a kalasi anatiimbira okha, osadikira kuti teremu ithe tikadzionere pa lipoti, anati mwanayu wasiya kukweza mkono mkalasi, nthawi ya buleki akumakhala yekha, kodi kunyumbako mukumuona bwanji? Iwo ankaona zakusukulu ife tinkaona zakunyumba, titaziphatikiza mpamene zinadziwika kuti anzake ena ankamuzunza, masana kumutonza mkalasi, usiku nkupitiriza pa gulu lawo la WhatsApp, moti mwana analibe kothawira.

Amayi aphunzitsi, zikomo kwambiri. Muli ndi ana ambirimbiri mkalasi, makope oti muchonge ali mulu, koma munaona kuti mmodzi wasintha ndipo simunathamangire kunena kuti ndi ulesi.

Alangizi a ana pasukulupo inunso Mulungu akudalitseni. Simunamukakamize kuyankhula tsiku loyamba, ndipo munamuuziratu poyera kuti zimene akambe nzachinsinsi, kupatula ngati moyo wake uli pachiopsezo pamenepo makolo adziwa. Ife zinatiwawa pang'ono kusamva zonse, kholo umafuna udziwe chilichonse eti, koma nchifukwa chake mwana anamasuka. Ndinu munatiuzanso kuti bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mwana mmodzi mwa ana 7 aliwonse a zaka 10 mpaka 19 amakhala ndi vuto la maganizo, komanso lipoti la 2019 la UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro, linapeza kuti pafupifupi wophunzira mmodzi mwa atatu amazunzidwa ndi anzake kusukulu. Nditamva zimenezo manyazi onse anandichoka, ndinangoyamba kuganiza za ana ena mkalasi momwemo amene sanapeze wowafunsa.

Chimene sindidzaiwala ndi msonkhano wa mu ofesi ya ahedi. Akuluakulu tonse tinabwera ndi maganizo athu, ena amati asinthe kalasi, bambo ake amati tingomuchotsa pasukulupo, koma ahedi anatembenukira kwa mwana nkumufunsa kuti iwe ukufuna tichite chani. Anati sakufuna kuchoka, sakufunanso kuti nkhani ilengezedwe pa asembule, angomusuntha malo okhala ndipo pakhale mphunzitsi mmodzi woti azithamangirako zikavuta. Zinthu zazing'ono chonchi ife sitinaziganize nkomwe. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989, ndime 12, limanena kuti mwana azimvedwa pa nkhani zomukhudza, ine ndinaziona zikuchitika ndi maso anga tsiku limenelo. Zikomo ahedi.

Kenako tinagawana ntchito. Aphunzitsi ankatitumizira kameseji kakafupi sabata ikamatha, ifenso akagona movutika tinkawadziwitsa mmawa kuti asamudabwe mkalasi. Homuweki anamuchepetsera kwakanthawi mpaka anapezanso mphamvu. Kunyumba foni inasiya kugona kuchipinda, poti mwana wa zaka 13 mpaka 18 amafunika maola 8 mpaka 10 a tulo, ndipo zotonzana zija zinkabwera usiku. Masiku ena zinkabwerera mmbuyo, kulira kuyambiranso, koma palibe anataya mtima.

Ndithokozenso makolo a ana amene ankamuzunza aja. Sizophweka kuitanidwa kusukulu nkumva kuti mwana wako ndi amene akupweteka mnzake, koma munabwera, simunaikire ana anu kumbuyo, ndipo mmodzi wa inu anandiimbira payekha kupepesa. Ana anunso ndi ana, ndasangalala kuti sukulu inawathandiza osangowalanga nkuwasiya.

Ndapempha komiti ya makolo ndi aphunzitsi kuti pa msonkhano wa teremu ikubwerayi tikambirane za magulu a WhatsApp a anawa, komanso kuti kholo lililonse lidziwe mphunzitsi woti lingamuimbire likaona mwana wasintha. Makolo anzanga chonde mudzabwere, abambo inunso, misonkhanoyi musamangosiyira amayi okha.