Atsikana amene apolisi sawakayikira

Pa zaka zimene ndakhala ku England, ndamva kambirimbiri makolo anzanga ochokera ku Malawi akudera nkhawa ana awo aamuna chifukwa cha mipeni ndi magulu a zigawenga. Mwana wamkazi satchulidwa pa nkhani imeneyi, ndipo nanenso sindinkamuganizira mpaka pamene mnzanga wina anandiuza akulira kuti wapeza foni yachiwiri ndi matikiti a sitima opita kutauni ya m'mbali mwa nyanja m'chikwama cha mwana wake wa zaka 15.

Zinthu zotere zingakhale zizindikiro za malonda a mankhwala osokoneza bongo amene kuno amawatcha county lines. Magulu a m'mizinda ikuluikulu monga London, Liverpool ndi Birmingham amakhala ndi nambala ya foni imene ogula heroini ndi kokeni a m'matauni ang'onoang'ono amaimbapo, ndipo amene amanyamula katunduyo pa sitima kapena pa basi nthawi zambiri amakhala ana. Lipoti la bungwe la boma lolimbana ndi umbanda la National Crime Agency limene linatuluka mu 2019 linanena kuti manambala otere anali oposa 2,000, komanso kuti pa anthu 100 alionse odziwika kuti akukhudzidwa, 91 anali amuna. Bungwelo linavomereza lokha kuti akazi angakhale ambiri kuposa amene analembedwa. Ine ndikuona kuti apa ndi pamene pagona nkhani: mtsikana wovala yunifolomu ya sukulu saimitsidwa ndi kusechedwa ngati mnyamata, ndipo zigawengazo zimadziwa bwino zimenezi, n'chifukwa chake zimamusungitsa mpeni, mfuti kapena ndalama, ngakhale kumukakamiza kubisa mankhwala m'thupi mwake.

Ambiri salowa chifukwa cholakalaka umbanda. Chimayamba ndi chibwenzi ndi mnyamata wokulirapo amene amamugulira nsapato ndi kumuuza mawu okoma amene mwina sawamva kunyumba. Pambuyo pake pamabwera ngongole, ndipo nthawi zina gululo limakonza lokha kuti mwanayo alandidwe katundu panjira, kenaka n'kumuuza kuti agwire ntchito yaulere mpaka atabweza. Kwa atsikana pamaonjezereka kugwiriridwa ndi kuopsezedwa kuti zithunzi zawo zidzafalitsidwa pa intaneti. Amayi aakulu nawonso sasiyidwa, makamaka amene ali okha kapena amadalira mankhwalawo, pakuti nyumba zawo zimalandidwa n'kusandutsidwa malo ogulitsira.

Sindikunena kuti mkazi aliyense wa m'magulu amenewa alibe mlandu. Alipo amene amakopa atsikana anzawo, ndipo mu 2008 ku Thornton Heath, kumwera kwa London, mtsikana wa zaka 15 anakokera mnyamata wa zaka 16 pamalo pamene gulu linamupha. Komabe gawo 45 la lamulo la Modern Slavery Act la 2015 limalola mwana amene wachita milandu ina chifukwa chogwiritsidwa ntchito ngati kapolo kudziteteza m'khoti, ngakhale kuti silikhudza milandu ikuluikulu monga kupha.

Chimene chinandipweteka mtima n'chakuti mnzanga uja ankaopa kwambiri zimene anthu a kutchalitchi anganene kuposa zigawengazo, ndipo ankaganiza zotumiza mwanayo kwa agogo ake kumudzi mwakachetechete. Tinakambirana usiku wonse. M'mawa mwake ndinamuperekeza kukaonana ndi mphunzitsi woona za chitetezo cha ana pasukulupo, ndipo foni ija mnzangayo anapita nayo, ataikulunga mu chitenje.