Perete wa Macy's: zimene zinafufutidwa ndi zimene zinapulumuka

Pa maphunziro anga a kasungidwe ka zinthu zakale tafika pa mutu wa matepi a kanema, ndipo ine ndinasankha kufufuza za perete wa sitolo yaikulu ya Macy's, amene amachitika ku New York chaka ndi chaka pa tsiku la Thanksgiving, tchuthi chothokoza cha ku America, chakumapeto kwa Novembala. Pereteyu anayamba mu 1924. Anaonetsedwa koyamba pa wailesi yakanema mu 1939, mongoyeserera, kwa anthu a mumzindawo okha. Nkhondo inamuimitsa kuyambira 1942 mpaka 1944. Mu 1948 wailesi yakanema ya CBS inayamba kumuulutsa mpaka kumizinda ina, kenaka wailesi yakanema ya NBC inatenga ntchitoyi m'zaka zoyambirira za m'ma 1950 ndipo ikuigwirabe mpaka lero.

Mwambo wotchuka chonchi munthu angati unasungidwa wonse, koma ayi ndithu. Zambiri za zaka zoyambazo zinapita. Pulogalamuyi inkaulutsidwa pompopompo, ndipo chisanafike chaka cha 1956 njira yoisungira inali kinescope basi: kuloza kamera ya filimu pa sikirini n'kumajambula zimene zikuoneka. Kampani ya Ampex itabweretsa makina a tepi mu 1956, tepiyo inali yodula kwambiri, moti nyumba zoulutsira zinkafufuta zakale n'kujambulapo zina. Kwa iwo perete anali wa tsiku limodzi, chaka chamawa kubwera wina. Izi zimandiwawa, chifukwa ofufutawo sanali anthu oipa mtima. Ankangoona kuti akupulumutsa ndalama.

Zithunzi za mumsewu zilipo ndithu. Filimu ya Miracle on 34th Street ya mu 1947 ili ndi mbali zimene anajambula pa perete weniweni wa mu 1946. Koma zimenezo si zimene banja linkaona pa kanema kunyumba, ndi mawu a muulutsi komanso malonda apakati.

Zinthu zinasintha VHS, tepi ya kanema yojambulira kunyumba, itafika ku America mu 1977. Anthu wamba anayamba kujambula okha pabalaza, ndipo zambiri zimene tikuonera pa YouTube ndi pa Internet Archive zinachokera m'makatoni awo. Ndinakhala madzulo athunthu ndikuonera tepi ina yotere. M'munsi mwa chithunzi mukudutsa mzere wonjenjemera, mtundu wofiira wasefukira kunja kwa chibaluni cha pa perete, mawu a ng'oma akumveka ngati ali m'madzi. Malonda akangoyamba, chithunzi chimaduka mwadzidzidzi: wojambulayo ankaimitsa makina kuti tepi isathe msanga. Nthawi ina anachedwa kuyatsanso, gulu lonse loimba n'kudutsa osajambulidwa. Pamenepo ndinamvetsa chifukwa chake ofufuza amasaka matepi angapo a chaka chimodzi n'kumalumikiza, wina kutseka mpata umene mnzake anasiya. Malonda amene ambiri ankawadulawo ndi amenenso amatiuza zambiri za mitengo, zidole ndi zokonda za anthu a nthawiyo.

Chimene chikundidetsa nkhawa tsopano n'chakuti matepi opulumukawo nawonso akutha. Chinyezi chimawachititsa nkhungu, ndipo akakhala malo otentha chithunzi chimazilala. Kampani ya Funai, yomaliza kupanga makina oonetsera VHS, inasiya mu 2016, choncho aliyense wofuna kusamutsira tepi yake mu kompyuta akudalira makina akale amene zipangizo zake zikusowa.