Zikomo nonse amene munatithandiza kulera wansembe

Alendo omaliza anyamuka dzulo, mahema atsitsidwa, ndipo pabwalo pathu pano pangotsala phulusa pa mafuwa ndi mapazi a anthu m'fumbi. Lero ndi pamene ndapeza mpata wokhala pansi kuti ndilembe. Amayi andituma kuti ndithokoze m'malo mwawo, poti foni yawo ndi yoyimbira basi, za Facebook sazidziwa. Choncho mawu awa ndi a anthu awiri, amayi ndi ine, kuchokera kwathu kuno ku Mchinji. Mlongo wanga, mzime wa amayi, mwana amene ndinamubereka kumsana ndikupita naye kudimba, wadzozedwa unsembe.

Ndisanathokoze aliyense, ndiulule kanthu. Ine ndinali woyamba kukana. Ali Sitandade 8 anabwera kuchokera kotumikira Misa n'kunena kuti akufuna kukalemba mayeso olowera ku seminale yaing'ono ya Mlale. Tinabadwa akazi anayi, mwamuna ndi yekhayu. Inu Achewa anzanga mukudziwa chimene zimenezi zimatanthauza. Iyeyu ndiye amene tinkayembekeza kuti adzakhala mwini mbumba, wodzaimira ana athu pa chinkhoswe, wodzakhala kutsogolo mlandu ukagwa, wodzayankhula pa maliro. Ndinamuuza maso ndi maso kuti akutitaya. Bambo athu, amene nthawi imeneyo anali moyo, anali pachigafa akusoka fodya. Sanakweze mawu. Anangoti, "Musiyeni mwanayu. Ngati akumuitana ndi Mulungu, inu simungatseke njira. Ngati si Mulungu, abwerako yekha." Ndinakhala chete, koma mumtima sindinavomere, ndipo zinanditengera zaka kuti ndivomere.

Bambo anatisiya iye ali Folomu 2. Fodya anathera pomwepo, chifukwa munthu wodziwa nazale, chigafa ndi kudinda mabelo anali iwowo. Tinatembenukira ku mtedza ndi soya, ndipo chaka choyambacho ndalama ya fizi sinakwane. Apa ndi pamene zikomo wanga akuyambira. Amayi a mumphakati mwathu, inu amene munabwera m'mawa kuli mame ndi makasu anu kudzatikumbira mtedza, n'kukhala masiku atatu mukuthothola osalandira kanthu kupatula thobwa, Mulungu akudalitseni. Akatekisiti athu, amene munayenda khomo ndi khomo pa njinga yakapalasa n'kubwera ndi envelopu yodzaza ndalama zachitsulo ndi mapepala okwinyika, envelopu ija amayi akuisungabe m'buku lawo la nyimbo. Pali mayi wina wogulitsa zitumbuwa pamsika, sindimutchula chifukwa iye sangakonde, amene teremu iliyonse ankabweretsa sopo awiri ndi botolo la mafuta odzola, n'kunena kuti, "Apite nazo abambo athu amawa." Mayi ameneyu si wa mpingo wathu n'komwe. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndinkangomva akulu akunena, koma kwa mayi ameneyu ndinaziona ndi maso.

Atamaliza ku Mlale anapita chaka chimodzi ku Kasina, ku Dedza, kenako anabwera kufupi ndi kwathu, ku seminale yaikulu ya Kachebere, komwe anakhala zaka zitatu akuphunzira filosofi. Ife a ku Mchinji malo amenewa timangowadutsa ngati wamba, koma ndi malo akale. Ansembe a White Fathers anakhazikitsa mishoni pa Kachebere mu 1903, ndipo seminale inatsegulidwa mu 1939, m'munsi mwa phiri, pafupi penipeni ndi malire a Zambia. Agogo athu ankatiuza kuti iwo ali mtsikana ankadziwa kuti wansembe ndi mzungu wandevu, wovala mkanjo woyera ndi kolona m'khosi. Mmalawi woyamba kudzozedwa unsembe, Bambo Cornelius Chitsulo, anadzozedwa mu 1937, ndipo pambuyo pake anakhala episkopi wa ku Dedza. Ndikaganiza kuti kuchokera pamenepo sipanathe ngakhale zaka 100, ndipo lero mdzukulu wa agogo aja waima pa guwa, ndimasowa chonena. Kwa aphunzitsi onse a ku Mlale, Kasina, Kachebere ndi ku St Peter's ku Zomba, komwe anamalizira maphunziro a za Mulungu, zikomo. Ambiri a inu sitinakuoneni nkhope, koma ntchito yanu taiona mwa iye. Zikomonso ophika, ochapa ndi olima m'minda ya seminale, amene munamudyetsa zaka zonsezi.

Chaka cha 2020 chinali chowawa. Sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19 anabwera kumudzi, n'kugwira khasu ngati wina aliyense. Kumapeto kwa chaka chomwecho, mu Disembala, tinamva za imfa ya Ambuye Arkiepiskopi Tarcisius Ziyaye, mwana wa kuno ku Mchinji, ndipo ndinamuona mlongo wanga akulira kuseri kwa nkhokwe. Koma mayesero enieni anadza atabwerera ku Zomba. Amayi anagwa m'munda ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, mkono ndi mwendo wakumanzere n'kufooka. Tinakhala m'chipatala milungu isanu. Usiku wina anandiimbira foni n'kundiuza kuti walongeza chikwama, akufuna kusiya, abwere adzafune ntchito azisamala amayi. Anati mawu anga akale aja, akuti akutitaya, sanachoke m'mutu mwake. Zinandilasa kumva kuti mawu amene ndinayankhula mwaukali ali mwana anawasenza zaka zonsezo. Ndinaika foni pakhutu pa amayi. Lilime lawo linali lolemera, mawu ankatuluka movutikira, koma anamveka: "Ndinakupereka kale. Usandibwezere." Ine ndinatenga foni n'kumupepesa. Ndinamuuza kuti amayi tiwasamala ife alongo ake, iye amasule chikwamacho.

Kwa anamwino amene munkawatembenuza amayi usiku, kwa amayi a Lejiyo ya Mariya amene munkabwera ndi phala m'mafulasiki n'kupemphera nafe kolona pakhonde la wodi, kwa amuna anga amene munagulitsa njinga yanu yamoto osadandaula, zikomo. Kwa wansembe amene ankamuongolera pa moyo wauzimu ku seminale, amene anakhala naye pansi masiku amenewo osamukakamiza, zikomo kwambiri. Amayi lero akuyenda ndi ndodo, koma akuyenda.

Tsiku la kudzozedwa tinanyamuka nkhuku zisanalire, pa lole, kuzizira kukulowa m'mafupa. Amayi tinawaika kutsogolo pafupi ndi dalaivala. Akwaya anayamba nyimbo tisanafike pa Kamwendo ndipo sanaleke mpaka tinadutsa Namitete n'kulowa mu Lilongwe. Ku tchalitchi lalikulu la Maula tinapeza anthu atadzaza kale.

Ndakhala ndikupita ku Misa moyo wanga wonse, koma mwambo uwu ndinali ndisanauonepo pafupi. Anaitana dzina lake, iye n'kuyankha kuti alipo. Anagwada pamaso pa Ambuye Arkiepiskopi George Desmond Tambala, n'kuika manja ake m'manja mwawo, kulonjeza kuti adzawalemekeza ndi kuwamvera iwo ndi onse odzalowa m'malo mwawo. Kenako iye ndi anzake anagona chafufumimba pansi, nkhope zili pa mkeka, mpingo wonse utagwada ukuimba mayina a oyera mtima mmodzimmodzi. Amayi anandigwira chitenje mwamphamvu. Anandinong'oneza kuti, "Wagona ngati wamwalira." Ndinawayankha kuti adzuka, amayi. Ndinkangoyang'ana zidendene za nsapato zake, nsapato zimene tinasonkherana alongo ake anayi kuti timugulire, ndipo misozi inkangotsika yokha.

Atadzuka, Ambuye anasanjika manja pamutu pake mwakachetechete, popanda liwu lililonse, ndipo ansembe onse amene analipo anadutsa mmodzimmodzi kuchita chimodzimodzi. Anamuveka zovala za Misa. Kenako anatambasula zikhatho, Ambuye n'kuzidzoza mafuta a Krisma. Manja amenewo ndimawadziwa. Pa chala chachikulu chakumanzere pali chipsera cha chikwakwa, anadzicheka ali ndi zaka 9 tikumweta udzu wofolerera khitchini, ndipo ndine ndinamumanga ndi kansalu. Manja omwewo anapatsidwa mbale ya mkate ndi chikho cha vinyo, n'kuuzidwa kuti azizindikira chimene akuchita, azitsanzira chimene akupereka, ndipo moyo wake ufanane ndi mtanda wa Ambuye Yesu. Misa itatha, amayi anapempha kuti tiwathandize kugwada. Tinawaletsa chifukwa cha mwendo, koma anakana. Anagwada pa fumbi, mwana wawo n'kuwadalitsa, iwo n'kugwira manja aja kuwanunkhiza, fungo la mafuta lija likadalipo. Anati, "Zikomo Bambo." Kuyambira pamenepo nanenso ndinasiya kunena kuti iye. Ndi iwo tsopano, ndi Bambo.

Ambuye Arkiepiskopi, ansembe, masisteri, ndi onse amene munakonza mwambo uja, tikuthokoza. Bambo mfumu a parishi yathu, inu amene munalemba kalata yoyamba yowavomereza ndipo munkawalandira pa tchuthi chilichonse, mwakhala bambo m'malo mwa bambo athu. Pa Misa yawo yoyamba kuno kumudzi, akwaya, ana ovina, achinyamata amene munagona pabwalo mukukhoma mahema, Amayi Achikatolika amene munaphika kuyambira usiku maso ali ofiira ndi utsi, mafumu athu ndi a gulupu amene munapereka bwalo ndi mbuzi, abale a CCAP ndi Asilamu amene munabwera ndi nkhuni ndi ufa n'kukhala nafe mpaka madzulo, sitingathe kukubwezerani. Zinthu zadula, thumba la feteleza tonse tikulidziwa mtengo wake, koma palibe mlendo amene anabwerera ndi njala.

Tsopano ndili ndi pempho, makamaka kwa ife achibale. Ndamva kale ena akunena kuti banja lathu laphula, kuti tsopano fizi ya ana ndi malata a nyumba zapezeka. Chonde tisawasenzetse katundu ameneyo. Wansembe salandira malipiro ngati a m'boma. Amadya zimene akhristu apereka, ndipo galimoto kapena njinga yamoto imene mudzawaone nayo ndi ya parishi, yoyendera ku nthambi. Atumizidwa kukathandiza bambo mfumu ku parishi ina, osati kwathu kuno, ndipo tsiku lina adzasamutsidwanso popanda kutifunsa ife. Ntchito imene ikuwadikira ndi yolemera. Parishi imodzi imakhala ndi matchalitchi ambiri m'midzi, ena oti wansembe amafikako patapita milungu, nthawi ya dzinja matope ali m'mawondo. Adzapereka nsembe ya Misa tsiku ndi tsiku, adzabatiza, adzadalitsa maukwati, adzaika maliro a anthu amene sanawadziwepo. Adzakhala maola ambiri akumva anthu akulapa, ndipo zimene adzamve sadzauza munthu, ngakhale amayi awo, mpaka kumanda. Analonjeza kupemphera mapemphero a Mpingo m'mawa, masana ndi usiku, kupempherera ife tonse, kaya atopa kaya ayi. Analonjezanso umbeta. Ife tikaweruka timapeza ana pakhomo, wina n'kutifunsa kuti mwaswera bwanji. Iwo akadzabwera ku maliro a mwana wakhanda adzalowa m'chipinda chopanda munthu. Zimenezi ndi zimene zimandidetsa nkhawa ine mlongo wawo, kuposa za ndalama.

Choncho akhristu a kumene akupita, tikukupatsani mwana wathu. Akadali wamng'ono pa ntchitoyi. Akalakwitsa, apiteni pambali muwauze mwaulemu, musayambire pa WhatsApp. Akalalika motalika, auzeni. Muziwaitana kumphakati, muziwapatsa nkhwani wotendera, amaukonda kuposa nyama. Ndipo muziwapempherera potchula dzina, chifukwa kudzozedwa sikuchotsa umunthu. Za mbumba zija ndinkadandaula, atsibweni athu aang'ono avomera kuti apitiriza kutiyang'anira, ndipo ana athu aamuna akukula.

Madzulo a tsiku la Misa yoyamba, anthu atayamba kubalalika, ndinawakonzera chakudya m'nyumba, poti tsiku lonse anali asanadye bwino, ankangopatsa anthu moni ndi kudalitsa makolona. Anasamba m'manja, n'kutema mbamu imodzi. Pomwepo panafika mnyamata pa njinga, thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira, n'kunena kuti agogo ake kutsidya kwa dambo atsala pang'ono, ndipo akupempha wansembe. Bambo mfumu anali pomwepo ndipo anati apita okha, koma Bambo anapempha kuti apite iwo. Anapatsidwa mafuta a odwala ndi Ukaristia, anavala jekete pamwamba pa kolala, n'kukwera kabaza wa njinga yamoto. Pakamwa panga panafika mawu akuti ayambe adya kaye, koma ndinawameza. Ndinavundikira nsima ija ndi mbale ina n'kuika pafupi ndi moto.

Anabwera cha m'ma 10 koloko usiku, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Amayi anali asanagone, anakhala pa mkeka ndi ndodo yawo pambali. Anafunsa kuti, "Mwawapeza, Bambo?" Iwo anati, "Ndawapeza, amayi. Analandira." Anadya nsima yozizira ija osalola kuti ndiphike ina. Agogo aja anamwalira m'bandakucha, ndipo maliro awo ndi amene anakhala oyamba kuikidwa ndi Bambo. Kubanja lofedwa, pepani, tili nanu limodzi.

Bambo anyamuka Lachisanu kupita ku parishi yawo. Lachinayi madzulo kudzakhala kolona pakhomo pa amayi, aliyense ndi wolandiridwa. Mapoto akuluakulu atatu, mabeseni awiri ndi mipando 14 ya pulasitiki zikadali kwathu kuno, ndipo sitikudziwa eni ake onse. Amene mukuzindikira zanu tumizani mwana, kapena mundiuze ndidzabweretse ndekha, ndidzathokozenso pamaso.