Madontho anayi amene amathera pakhosi

Lachinayi.

Ndadzuka 5 koloko isanakwane, khutu lakumanja likubaya ngati mwalowa munga. Kungolikhudza pang'ono ndimachita kudumpha, ndipo ndikamatafuna ululu umatsikira kunsagwada. Pa pilo pali timadzi tachikasu. Lero ndi tsiku lachitatu la mankhwala odonthezera, ndiye ndinadzuka nditaweruza kale kuti anandipatsa mankhwala opanda ntchito.

Zonsezi ndinaziputa ndekha. Sabata yatha madzi anatsalira m'khutu nditasambira, ine n'kumawatokosa ndi kamtengo ka thonje. Kutayamba kuyabwa ndinapitiriza kutokosa, chifukwa kukanda poyabwa kumakoma. Lachiwiri adokotala anati ndi otitis externa, kutupa kwa khungu la kanjira kolowera m'khutu. Kanjirako n'kakafupi, pafupifupi masentimita 2.5 kwa munthu wamkulu, ndipo phula limene ndinkalimbana nalo ngati litsiro ndi limene limakateteza. Phula likachoka, khungu n'kunyowa komanso kukalika, mabakiteriya monga Pseudomonas aeruginosa ndi Staphylococcus aureus amapeza pokhala.

M'mawa ndinaima pagalasi monga ndakhala ndikuchitira, kupendeketsa mutu, kufinya kabotolo, kenako kuwongoka kuti ndivale malaya. Mayi a kunyumba anali pakhomo akundiyang'ana.

"Kodi inu, mankhwalawa anakuuzani kuti ndi a pakhosi?"

Ndinagwira pakhosi. Panali ponyowa. Sindinayankhe, ndinangoti tiyeni mundiperekeze kuchipatala.

Adokotala anasuzumira ndi katochi kawo n'kunena kuti kanjira katupa ndipo kadzaza mafinya ndi tizikhungu tofundudwa, moti dontho lililonse limangoima pakhomo. Anayeretsa mosamala. Kunena zoona panawawa, koma nditadzuka ndinamva phokoso la fani limene sindinkalimva polowa. Anati kanjira kakanatsekeratu akanaika kachingwe kofewa kokoka mankhwala kulowetsa m'kati, koma ine sindinafike pamenepo.

Kenako anandiuza kuti ndiwaonetse mmene ndimathirira. Ndinaonetsa. Anaseka pang'ono, osati monyoza, n'kutembenukira kwa mayi a kunyumba: "Mayi, ntchitoyi ndi yanu. Munthu saona khutu lake."

Zimene anatiphunzitsa ndazilemba kuseri kwa katoni. Mankhwala anga ndi ciprofloxacin wosakaniza ndi dexamethasone, wina wopha mabakiteriya, wina wophwetsa chotupa, madontho 4 kawiri pa tsiku kwa masiku 7. Kabotolo n'kofunika kukakhutchumula kaye. Ndigone chammbali, khutu lodwala kumwamba. Wothirayo akokere khutu m'mwamba ndi kumbuyo kuti kanjira kawongoke, koma kwa mwana wamng'ono amakokera pansi ndi kumbuyo. Kamlomo ka botolo kasakhudze khutu. Akathira, asindikize kangapo kachinofu kaja kali kutsogolo kwa bowo, kuti mpweya utuluke mankhwala atsike. Ndiye ndigone pomwepo mphindi 3 mpaka 5. Ine ndinkapereka masekondi osakwana khumi.

Chinandichititsa chidwi ndi nkhani ya chizungulire. Dzulo nditathira, chipinda chinazungulira, ndipo ndinati mankhwalawa ndi aukali. Ayi ndithu, anali ozizira chabe. M'kati mwenimweni mwa khutu muli tinjira ta madzi tothandiza munthu kuima osagwa, ndipo chozizira chikafika pafupi madziwo amayenda, ubongo n'kuganiza kuti mutu ukutembenuka. Mankhwala ake ndi kufumbata kabotolo m'manja mphindi imodzi kapena ziwiri. Basi.

Ndinafunsanso za kabotolo kakale kamene alamu anga amafuna kundibwereka. Adokotala anapukusa mutu. Madontho ena, monga okhala ndi neomycin, akhoza kuwononga kumva ngati kanembanemba ka m'kati kabooka, ndipo anthu ena amawawenga khungu. Komanso nthawi zina choyambitsa ndi mafangasi, Aspergillus kapena Candida, amene mankhwala a mabakiteriya sawachita kanthu. Kanembanemba kanga sanakaone konse chifukwa chotupa, ndiye anati ndikamva kuwawa kwa mankhwala kukhosi ndikawauze, chifukwa zingatanthauze kuti pali bowo. Anandifunsa kawiri ngati ndili ndi matenda a shuga, poti kwa odwala shuga matendawa amatha kulowerera mpaka ku fupa. Ndilibe. Anati masiku 7 tiwerenge kuyambira lero, ndipo pakapita masiku awiri kapena atatu osasintha ndibwerere.

Masana ndinagwira ntchito mwa apo ndi apo. Mahedifoni ndawatsekera m'dirowa. Posamba ndinatseka khutu ndi thonje lopaka Vaseline, ndipo ndinaoneka zoseketsa.

8 koloko madzulo mayi a kunyumba anafumbata kabotolo, ine ndili gone pa sofa. Anawerenga mokweza, limodzi, awiri, atatu, anayi, n'kusindikiza kachinofu kaja. Koyamba m'masiku atatu ndinamva mankhwala akutsika, khutu n'kutseka kuti phwii ngati ndamira. Kukhosi sikunawawe. Pa mphindi yachiwiri ndinayesa kudzuka kuti nditenge foni.

"Gonani," anatero, dzanja lili paphewa panga. "Zatsala zitatu."