Wosokoneza patebulo salangidwa ndi dayisi

Ndakhala ndikuphunzira kuyendetsa masewera a Dungeons & Dragons, aja anayambitsidwa ndi Gary Gygax ndi Dave Arneson mu 1974. Malamulo ake ndi ambiri koma amalowa m'mutu. Chomwe chandizunguza n'chakuti ungatani ndi mnzako amene kunja mumagwirizana bwinobwino, koma akangokhala patebulo onse amayamba kuyang'ana nthawi.

M'masewerawa aliyense amakhala ndi mtengambali wake (munthu wa m'nkhani amene akumuyimira), woyendetsa amafotokoza dziko ndi zochitika, ndipo pakakhala chokayikitsa dayisi ya mbali 20 ndiyo imagamula. Palibe wopambana. Nkhaniyo mumailuka limodzi, n'chifukwa chake munthu mmodzi amakwanitsa kuiphwasula. Wina mtengambali wake amabera anzake usiku. Wina amapha wamalonda amene gulu limafuna kumufunsa njira, n'kunena kuti, "Ndi mmene mtengambali wanga alili." Wina amatsutsa chigamulo chilichonse mpaka nkhondo ya mphindi khumi kutha ola.

Ndinadabwa kuona kuti vutoli ndi lakalekale. M'buku la oyendetsa masewera la 1979, Gygax analembamo za osewera ovuta. Mwa njira zomwe anatchula, pambali pa kumuchotsa munthuyo, panali kumugwetsera mphezi mtengambali wake, kumutumizira chilombo chomudzidzimutsa, kapena kumuchepetsera mtengambaliyo chikoka mpaka kalekale. Mkuluyu ndimamulemekeza, koma apa sindikugwirizana naye. Amene akusokoneza ndi munthu wakhala pampandoyo, ndiye mphezi ikagwera mtengambali uthenga sufika. Iye amangoona kuti woyendetsa wamuyamba, ndipo gawo lotsatira amabwera atakonzekera kubwezera. Enawo nawonso amaphunzirapo kuti dayisi ya patebulopo imatsata mkwiyo wa woyendetsa, ndipo akatero sakhulupiriranso chigamulo chilichonse. Komanso ngati munthuyo amafuna kuti maso onse akhale pa iye, chilango chotere chimamupatsa zomwezo.

Chomwe chinanditsegula maso ndi zomwe Robin Laws, wopanga masewera otere, analemba mu 2002, kuti osewera amabwera patebulo ndi zofuna zosiyana. Wina amafuna kumenya zilombo, wina kukonza mapulani, wina kulankhula ndi mawu a mtengambali wake, wina amangofuna kukhala ndi anzake basi. Tiyerekeze kuti wokonda nkhondo wakhala maola awiri akumvetsera zokambirana m'bwalo la mfumu osaponya dayisi ngakhale kamodzi. Akayatsa moto nyumba ya alendo, si nkhanza ayi, watopa ndi kudikira. Tsono woyendetsa asanamutche munthu wovuta, ayambe wawerenga kuti aliyense analandira mpata wochuluka bwanji m'gawo lapitalo. Kawirikawiri yankho limakhala pomwepo, ndipo mankhwala ake ndi kukonza gawo lokhala ndi kanthu ka aliyense.

Koma si onse otopa. Alipo amene amanyoza mtengambali wa mnzake chifukwa cha kampeni kumphasa kochokera kunja, kapena amakakamira kufotokoza zankhanza pomwe ena zikuwanyansa. Apa palibe kuchitira mwina, muyenera kulankhulana.

Mukambirane awiri, tsiku lomwe si la masewera, osati pagulu la WhatsApp pomwe munthu amayamba kudziteteza chifukwa ena akuwerenga. Tchulani chochitika chenicheni. "Amwene, mutapha wamalonda uja, zomwe enawo anakonza kwa ola lathunthu zinathera pompo, ndipo sizinawasangalatse. Inuyo chimakukomerani n'chiyani m'masewerawa?" Funso lomalizali n'lofunika, chifukwa ambiri sadziwa n'komwe kuti akuwononga. Akayankha kuti ndi khalidwe la mtengambali, mukumbutseni mofatsa kuti mtengambaliyo anamupanga ndi iye, ndipo angathe kumusintha kapena kupanga wina amene ali ndi chifukwa choyendera limodzi ndi gulu. Wakuba atha kubera adani, anzake n'kuwasiya.

Zambiri mwa izi zimapeweka ndi chomwe amati session zero, kukumana musanayambe nkhani kuti mugwirizane ngati atengambali angamenyane okhaokha, ngati mkangano wa malamulo uzithetsedwa pompo kapena pomaliza, ndi zina zotero. Wopanga masewera wina, Ron Edwards, anabweretsa ganizo logawa nkhani zovuta pawiri, zosakhudzidwa n'komwe ndi zongotchulidwa osazifotokoza. Winanso, John Stavropoulos, anapanga X-Card, khadi lomwe aliyense angaligwire kuti zomwe zikunenedwa zisiyidwe popanda kufunsidwa chifukwa. (Khadilo palokha lilibe mphamvu, gulu likamaseka woligwira ndiye kuti langokhala pepala.) Ndipo palibe choletsa kuchita session zero nkhani ili pakati. Ubwino wake lamulo limakhala la onse, osati chala choloza munthu mmodzi.

Mukalankhulana, n'kumukumbutsanso, iye osasintha, achoke patebulo. Ambiri amaopa kuti chibwenzi chithera pomwepo, ndiye amapirira mpaka osewera abwino amayamba kujomba mmodzimmodzi. Ena amanama kuti masewera atha, kenako n'kuyambiranso mobisa popanda iye. Zimenezi zimaululika, ndipo zimapweteka kuposa kuchotsedwako. Woyendetsa amuuze yekha pamaso kuti kaseweredwe kake ndi ka gululi sikakugwirizana, ndipo pa zochitika zina zonse za gulu apitirize kumuitana monga kale.